Keziah ndi Botolo la ku Mgona

Keziah ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina mumsika wa Chilinde. Anakwatiwa ndi Leston, dalaivala wa minibasi, pa 9 Ogasiti 1997, koma zaka zinangodutsa kumsana kwake kuli mbee, kopanda mwana. Lachitatu pa 16 Malichi 2005 dokotala anamuuza mosabisa kuti mazira ake atsala ochepa, ndipo panalibe mankhwala owachulukitsa. Apongozi ake aakazi atamva anati, "Khirisimasi ya chaka chamawa ikafika pachingwe pano palibe thewera, mwana wanga ndimupezera mkazi wina."

Ndiye chifukwa chake pa 3 Juni 2006 Keziah anakagogoda kwa Greenwell ku Mgona, mkulu wovala jasi loyera lakuda m'khosi, amene ankadzitcha dokotala wotsitsimutsa mazira.

"Amayi, akuchipatala aja amangodziwa kuwerenga mazira," anatero Greenwell. "Ife timawaphukitsa ngati chitsa mvula ikagwa."

Anamupatsa botolo la zinthu zofiirira, zonanda, zonunkha ngati ngalande ya kubutchala dzuwa likaswa mtengo. Keziah ankamwa sipuni m'mawa ndi madzulo atatsina mphuno. Sanafunse kuti zinali chiyani.

Pa 21 Julaye Saida, mnzake woyandikana naye nyumba, anachira kwa azamba. Keziah anali atamupatsa chitenje chopitira kumeneko, chimene anachipinda ndi ulusi wobiriwira poti wakuda unamuthera. Mwana anabadwa bwino, koma amayi a Saida anabwerako akudandaula. Azamba sanawapatse nsengwa kuti akaikwirire monga mwa mwambo, akuti anataya kuchimbudzi pamodzi ndi chitenje.

"Nsengwa ikagwa m'manja mwa munthu, mwana wangayu sadzaberekanso," ankalira motero.

M'mawa mwake Keziah anapita kukadzazitsa botolo. Kuseri kwa chitseko cha Greenwell kunali beseni, ntchentche zili ng'waa. Anaona ulusi wobiriwira uja. Atavundukula chitenjecho anapeza nsengwa, mbali ina itadulidwa kale nthulinthuli.

"Musadabwe, amayi," anatero Greenwell akutsuka sefa. "Mbewu timapempha kwa amene wakolola. Mukufuna mwana kapena ukhondo?"

Keziah anasanzira pansapato zake zomwe. Milungu isanu ndi iwiri akumwa zimenezi! Za akazi angati?

"Galu iwe," anatero Keziah akupukuta pakamwa. "Jasi limeneli ukanapatsa wogulitsa nyama."

Anamanga chitenjecho, nakwera nacho minibasi chili pamiyendo, anthu akutsegula mawindo n'kumamuyang'ana cham'mbali. Masana omwewo iye ndi amayi a Saida anakumba kuseri kwa nyumba n'kukwirira. Botolo analiponya m'chimbudzi.

Atamufotokozera Leston, mwamunayo anangoyasamula. "Nanga ukanangopitiriza ukanafa? Anzako amamwa zoposa pamenepo."

Mawu amenewo anamunyansa kuposa botolo lija. Sanadikire Khirisimasi ya apongozi. Pa 1 Ogasiti anakweza makina ake pawilibala, nakapeza kachipinda ku Area 23.

Leston anakwatira mkazi wina pa 30 Disembala. Saida anaberekanso pa 12 Meyi 2008, ndipo matewera anasoka ndi Keziah. Iye sanakhale ndi mwana. Anapitiriza kusoka pakhonde lomwe lija, dzanja lake lowongoka ngati kale. Koma wogulitsa chiwindi akamadutsa ndi beseni lake, Keziah ankaimitsa makina, n'kutembenukira kukhoma mpaka munthuyo atapita.