Zovala za Tchalitchi Zapita ku Tengani

Loweruka ndinayenda ndekha koyamba, kuchokera kwathu ku Nchalo mpaka ku Tengani. Ndikulemba zonse ndisanaiwale.

Mayi aang'ono, a Rozita, anakwatiwa kutsidya kwa Shire, ku Mozambique. Kutavuta kumeneko, mfuti zikulira, nyumba zikuyaka, anathawa pa bwato ndi ana awiri. Amuna awo, a Zuze, anabwerera kukatsekulira mbuzi m'khola, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibe amene wawaona. Lachisanu mayi aang'ono anaimba pa foni yobwereka. Ku msasa wa othawa wa ku Tengani kumene akukhala kunamveka kuti mawa kubwera atolankhani a kanema.

"Ngati Zuze ali moyo, andiona, adziwa kumene ndili," anawauza amayi. "Koma achemwali, ndikaonekera bulawuzi imodzi yomweyi?"

Amayi anali ndi ntchito ku minda ya nzimbe, ndiye anasita bulawuzi yawo ya tchalitchi, chitenje chatsopano ndi duku, n'kundipatsa m'jumbo. Anati ndinyamule ngati mazira.

Ndinakwera minibasi dzuwa lisanapse. Kondakitala anati K7,000 mpaka ku Bangula, ndipo ine, poopa kunenerera, ndinangopereka. Mayi wa nsomba zouma amene anakhala pambali panga anapereka zochepa, n'kundiyang'ana ngati mwana wamasiye.

Tisanafike pa Ngabu, wailesi inayamba nkhani za nkhondo ya ku Ukraine. Bambo wina wa chipewa, pampando wa kutsogolo, ankadziwa mayina a mizinda yonse ya kumeneko, ndipo ankaitchula ngati anabadwira konko. Mnyamata wa foni yaikulu kumbuyo kwanga ankamutsutsa, akuonetsa aliyense nyumba zakugwa.

"Inu simukudziwa mizinga ya anthu amene aja!"

"Iwe unaiona kuti? Legeni yomwe sunagwirepo!"

Mayi wa nsomba anafunsa ngati ku Congo nkhondo inatha, chifukwa mphwawo wa usilikali anapitako. Kondakitala anati, "Imeneyo ndi yakale, mayi. Tinasiya kuitsatira," ngati akunena za timu imene inatuluka mu ligi.

Pa Ngabu ndinagula kanyenya wa mbuzi, koma ndinadya mutu uli kunja kwa windo kuti mafuta asadonthere jumbo. Bambo wa chipewa anacheuka.

"Nanga asisi a jumbo, ulendo wa kuti?"

"Ku msasa wa othawa, ku Tengani," ndinatero, maso ali pansi.

"Othawa madzi?"

"Othawa mfuti."

"Aa, zija zikadalipo?" Anaganiza pang'ono, kenako anabwerera ku Ukraine.

Pa Bangula ndinasintha galimoto. Yachiwiriyi chitseko chake chinali chomanga ndi chingwe, ndipo pansi pa mpando wanga panali tambala amene ankandijompha chidendene nthawi iliyonse tikalowa m'dzenje. Kutentha kwake, malaya anandimamatira kumsana. Nditatsika pa Tengani ndinakwera kabaza, jumbo nditaikumbatira pachifuwa.

Kumsasa ndinaganiza kuti ndasochera, ndafika pa chinkhoswe. Pakati pa matenti panali posesa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Ana anali atasamba, nkhope zikunyezimira mafuta. Bambo wina anali atabwereka jekete, ndipo anaima pamthunzi osakhala pansi kuti isakwinyike. Kwathu kuno mlendo salandiridwa ndi litsiro, ngakhale nyumba yako ikhale ya pulasitiki.

"Malita! Wakula bwanji!" Mayi aang'ono anandikumbatira, koma dzanja lina linali kale m'jumbo. "Takhuta, takhuta, zikomo kwambiri." Atavala, anazungulira kuti ndiwaone. Anali ataonda, koma anatchena kuposa aliyense pa mzere wawo.

Galimoto yoyera inafika dzuwa litapendeka. Munatuluka anthu awiri, mtsikana wa maikolofoni ndi bambo wa kamera. Azimayi anayamba nyimbo yolandira alendo. Bambo wa kamera anayang'ana jekete, anayang'ana mayi aang'ono, n'kudutsa. Anakaima kuseri kwa matenti, pamene kamwana kena kamene kanathawa kusamba kanali kukanda mphika wopanda kanthu. Anakajambula nthawi yaitali. Mayi ake anagwira kumutu ndi manyazi.

Mayi aang'ono anandikodola. "Iwe wa sukulu, kawauze."

Ine amene m'kalasi sindikweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa! Ndinapita kwa bambo wa kamera, n'kugwada pang'ono.

"Pepani bambo. Mayi anga aang'ono akufuna amuna awo awaone. Anasiyana pothawa."

Sanali munthu woipa. Anapukuta thukuta, anawayang'ananso.

"Chemwali, nkhani yonse ya kuno atipatsa kanthawi kochepa kwambiri, kumapeto. Abwana akaona mayi atatchena chonchi, anena kuti tinapita ku ukwati. Alibe zimene anabwera nazo? Akavale zimenezo."

Mayi wina woyandikana nawo tenti, a Luwiza, anali atamva. "Rozita, kavale yakale ija! Uing'ambeko paphewa, ndikubwereka mwana wolira!"

Anthu anaseka. Mayi aang'ono analowa mu tenti, ndipo ine ndinaganiza kuti akukasintha. Anatuluka ndi zovala zomwezo, atangomanganso duku kuti liime bwino.

"Nkhabe, sindivula," anatero. "Zuze ndimamudziwa. Akandiona ndi nsanza, athamanga osayang'ana njira, akumana nazo. Andione ndili bwino, abwere mwa phee."

Bambo uja anakweza mapewa, n'kuyatsa kamera. Mayi aang'ono anaima chilili ngati pa kwaya. Anatchula dzina la amuna awo, mudzi wawo ndi malo a msasa, kenako anawonjezera kuti, "Mbuzizo zisiye, wamva?"

Ndinagona komweko, ndipo m'mawa ndinabwerera. Madzulo ake tinadzaza m'nyumba mwa aneba athu amene ali ndi kanema. Anayamba ndi nkhondo yakutali, mapu, akatswiri ovala mataye. Kenako mitengo ya mafuta. Kumapeto kunabwera Tengani: matenti, kamwana ka mphika, mtsikana wa maikolofoni. Ndisanamalize kunena kuti "ndi pamenepo!", anali atayamba za mpira.

Sindikuwachitira nsanje anthu a nyumba zakugwa aja. Nawonso ali ndi a Zuze awo. Ndangodziwa kuti kanema ndi wopapatiza ngati minibasi: wina amasankha wokwera, ndipo wotsala panjira sikuti alibe ulendo.

Foni ya amayi inalira tikutuluka. Amayi anaona nambala, n'kundipatsa ine.

"Malita, ndaoneka?"

Ndinafuna kunama. "Ayi, mayi. Sanakuikeni."

Ndinkamva ana akusewera kumbuyo kwawo.

"Chabwino," anatero. "Ati Lachitatu kubwera ena, azungu. Uwauze achemwali kuti zovalazi sindibweza msanga. Ndipo atumize nsapato. Mwina anandisiya chifukwa cha mapatapata."