Phazi pa Paipi ya Mpweya

Kumira ndinaphunzirira mu mtsinje wa Luia, chaka chimene ndinakwatira. Sindikunena kusambira kwa ana ayi, koma kutsika pansi pa mtsinje ukupuma mpweya wa makina, kukapalasa mchenga wa golide m'maenje a pakati pa miyala. Sukulu ndinali nditasiya kale m'kalasi lachisanu ndi chimodzi, nditaswa mnzanga mphuno chifukwa cha cholembera. Kwathu ku Nsadzo amandidziwa kuti ndine wa mtima wapachala, ndipo sindikana.

Ndinali pa chikamwini. Wotiphunzitsa anali amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, omwenso anali ankhoswe a kuchikazi. Iwo kumira anaphunzira ku damu lalikulu, ndipo tonse tinkawaitana a Mestere, kutanthauza mphunzitsi. Ntchito ankaidziwa, ndisaname. Pathanthwe la m'mbali mwa madzi ankaikapo kompresora, makina opopa mpweya, ndipo kuchokera pamenepo inkatsika paipi yaitali yachikasu, imene kuno timati mangeira. Mapeto ake umaluma m'kamwa. M'chiuno umamanga lamba wa zitsulo kuti usayandame, ndiponso chingwe: ukakoka kamodzi ndiye kuti uli bwino, kawiri ndiye kuti ndikokeni.

Koma anali ndi kaphunzitsidwe kawo. Ukatsika, n'kukhazikika, n'kuyamba kupalasa, iwo ankaponda mangeira ndi phazi. Osakuchenjeza. Ankachotsa phazilo pamene mtima wawo wafunira.

"Tsiku lina makinawa adzazima okha," ankatero. "Mukuganiza kuti adzayamba aodira?"

Ulendo woyamba anandiponda pamadzi osaya. Ndinatuluka ndikutsokomola, anzanga akuseka, nanenso ndinaseka. Wachiwiri ndinali m'dzenje lakuya ngati anthu atatu okwerana pamapewa, m'matope oti dzanja lako lomwe suliona. Ndinakoka mpweya, palibe. Ndinakoka chingwe kawiri, osandikoka. Lamba nayenso anayamba kukana kumasuka, zala zanga zikungoterereka. Atamasuka ndinakwera mothamanga, khutu lakumanzere n'kumva phu!

Nditafika pathanthwe ndinapeza a Mestere atakhala, akusenda mzimbe, phazi likadali pa mangeira.

"Akamwini, mwathawa chiyani? Mwakumana ndi ng'ona?"

Magazi ankayenderera pakhosi panga kuchokera m'khutu. Pafupi ndi kompresora panali nyundo, ndipo sindikumbuka kuti ndinaitola liti. Ndinangoona ili m'manja. Anzanga anasiya kuseka. Ndinaima choncho nthawi ndithu, madzi akudontha m'kabudula. Ukamenya mwini mbumba ndiye kuti banja wathetsa ndi manja ako, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati. Ndinaika nyundo ija pansi, n'kumapita kumudzi. Kuyambira kubadwa kwanga, kanali koyamba kuchoka pa mkangano ndisanautsirize.

Mkazi wanga anandipukuta khosi ndi kansalu, akumvetsera.

"Musakawayankhe nokha," anatero. "Inu mawu anu amayambira m'chibakera."

"Ndiye ndizingotsika mpaka andiphe?"

"Ankhoswe anu ntchito yawo n'chiyani? Kudya nkhuku basi?"

"Iyi si nkhani ya banja, ndi ya ntchito."

"Mukamira, wamasiye adzakhala ndani? Kompresora?"

M'mawa mwake ndinakwera motorizada, njinga yamoto, kupita kuchipatala ku Chifunde, kumene anandiuza kuti khutu lisalowe madzi mpaka lipole. Kenako ndinapitirira kwa amalume anga, ankhoswe a mbali yathu. Ndi munthu wamfupi, wa mpingo wa Ziyoni, wokulira ku Zambia nthawi ya nkhondo, wolankhula motsitsa moti umachita kuwerama kuti umve. Sanandifunse zambiri. Anangoyang'ana khutu lija n'kunena kuti abwera.

Anafika panjinga patapita masiku awiri, dzuwa lisanakwere. Akuluakulu awiriwo anakhala pamipando pansi pa mtengo wa masawu, ine chapatali pang'ono, pansi, chifukwa mkamwini salankhula pabwalo lotere. Anayamba ndi za mvula. Anapita ku za fodya, n'kubwerera ku za msewu wa ku Cassacatiza. Kenako amalume anga anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Anzathu, ine ndadzera uthenga wa maliro."

"Maliro a yani?" a Mestere anadzidzimuka.

"A tambala tinakupatsani uyu. Akafera m'madzimo, wodzanena kwathu ndinu, poti ankhoswe ndinu. Ndiye ndaona kuti njira ndi yaitali, ndati ndikuchepetsereni ulendo. Neneranitu lero. Mayi ake ndikawauze kuti chamutenga n'chiyani, madzi kapena phazi?"

A Mestere anaimirira, maso ali psu.

"Mwabwera kudzandiphunzitsa ntchito? Inu munalowapo m'madzi opitirira m'mawondo? Ndaphunzitsa anthu angati ine, anafapo ndani?"

"Palibe, tikuthokoza. Woyamba asakhale wathu."

Ndinafuna kunena za chingwe chija ndinakoka kawiri, ndi za mzimbe. Amalume, osandiyang'ana n'komwe, anangoti, "Iwe, tseka." Ndinatseka.

A Mestere anazungulira mtengo uja, n'kukhalanso. Atayambanso kulankhula mawu anali atatsika. Anati ku damu kuja anali ndi mnzawo amene makina anamuzimira ali pansi. Munthuyo anachita mantha, anazikulunga m'chingwe chake chomwe, ndipo amene anakatulutsa mtembo wake anali iwowo. Kuchokera pamenepo analumbira kuti aliyense wodutsa m'manja mwawo ayenera kulawa kusowa mpweya asanakumane nako yekha.

"Pepani," amalume anatero. "Kwawo kwa malemuwo anakanena ndani?"

"Ndinapita ndine."

"Mukufuna kuyendanso ulendo wotero?"

A Mestere anangoyang'ana mapazi awo.

Zimene anagwirizana zinali zochepa. Kudula mpweya kuzichitika pamadzi olekeza m'chifuwa, munthu atauzidwa kuti lero ndi tsiku lake, ndipo aphunzire kumasula lamba mpaka zala zizolowere. Kudzenje, phazi lisayandikire mangeira, ndipo chingwe chikakokedwa kawiri, wapamwamba akoke osafunsa. Kupepesa sanapepese, ndipo amalume sanawakakamize. Anadya limodzi, n'kuperekezana mpaka kumsewu akukamba za mbuzi.

Khutu litapola ndinabwerera. A Mestere kukalipa sanasiye. Tsiku lomwelo ananditcha nkhuku yonyowa chifukwa ndinachedwa kuvala lamba. Koma ndinaona kuti adula mitengo ya mphanda n'kupachikapo mangeira m'mwamba, kuyambira pa kompresora mpaka m'madzi, pamene phazi silingafike ngakhale mwangozi.

Ndinatsika m'dzenje lomwe lija. Poyamba sindinapalase kanthu. Ndinangogwada m'matopemo, dzanja pa lamba, ndikudikira. Ndinakoka mpweya, unabwera. Ndinakokanso, unabweranso, wofunda, wonunkha pang'ono mafuta. Patapita nthawi ndinasiya kuwerenga, ndinatenga fosholo, n'kudzaza ndowa yanga pang'onopang'ono. Itadzaza ndinakwera mosathamanga, pa nthawi imene ndinasankha ndekha.