Nyumba Imene Sinkapuma

Malata akapsa ndi dzuwa amalira. Amati the! the! ngati munthu akuthyola tizitsotso padenga, ndipo mpaka lero ndikamva kulira kumeneko ndimayamba kupemphera chamumtima. Ndinakumva koyamba mu Okutobala wa chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, titangolowa m'nyumba yatsopano kwathu ku Lirangwe. M'katimo munkanunkha simenti ndi laimu. Kunja nyenje zinkalira osapumira, mitengo ya mango itangoti zii, tsamba ndi limodzi lomwe losagwedezeka.

Bambo anga ankagwira ntchito yokolopa ku bwalo la ndege ku Chileka. Anali munthu wabwino, wosamwa mowa, woimba besi m'kwayala. Kuntchitoko ankalowa m'maofesi momwe munkazizira ngati m'mawa wa mu Juni, pamene kunja phula likusungunuka. Anaona kuti mawindo a mmenemo satsegulidwa, ndipo ukasiya chitseko pululu akukalipira. Ndiye iwo anatsimikiza kuti chinsinsi cha nyumba yozizira n'kutseka basi. Makina amene ankang'ung'udza pakhoma ankawaona ndithu, koma ankati amenewo ndi ongothandizira.

A Matemba, mmisiri amene anatimangira, anayesa kukana. Ndikukumbukira ataima pakatawala, chipande cha matope chili m'manja.

"Achimwene, nyumba imapuma ngati munthu. Ndisiyeko timabowo pamwamba apa, mpweya wotentha uzitulukira."

"Inu munalowamo muofesi ya abwana?" anatero bambo. "Tsekani. Ine ndikufuna ngati za ku eyapoti."

"Ndiye mukufuna uvunitu. Muzidzaphikamo masikono."

Anthu anaseka, bambo nawonso anaseka, koma a Matemba anatseka. Anamata njerwa mpaka kugunda malata, denga lake lalifupi lopanda siling'i, magalasi a mawindo omatiriratu osatseguka. Chipinda cha amayi chinayang'ana kumadzulo, kumene dzuwa limakhalitsa. Anthu odutsa pamsewu ankaima kuyamikira, ine n'kumanyada.

Bambo sanadziwe chimene anamanga. Ankabwera panjinga Loweruka madzulo kutazizira, Lamulungu n'kuswera kutchalitchi, Lolemba mbandakucha n'kubwerera ku Chileka. Masana a m'nyumbamo tinkawadziwa ndife. Kandulo imene tinasiya pawindo inapindika yokha mpaka kugwada. Amayi, amene anali ndi pakati potopa, ankaswera pansi pa mango, osadandaula, poti amuna awo anavutika zaka zambiri kuti atichotse m'nyumba yaudzu.

Mwana anabadwa pakati pa mwezi, wamwamuna, wochepa thupi. Kwathu mayi ndi khanda amakhala m'chikuta, satuluka panja mpaka mchombo utagwa. Azakhali anga, a Nachisale, anabwera kudzasamala, ndipo anasunga mwambowo ndi mtima wonse, chifukwa nawonso ankamufunira mwanayo zabwino. Ine ntchito yanga inali kulowetsa madzi. Ndikangolowa kuchipindako mpweya unkandimenya kumaso ngati ndavundukula mphika. Amayi ankanyowetsa chitenje n'kuyanika pampando, posakhalitsa chauma gwa. Chitseko ankatsegula, koma mphepo inalibe kotulukira, ndiye sinkalowanso.

Masiku oyamba mwana ankalira kwambiri masana. Kenako anayamba kulira motsitsa, ngati kamphaka kali kuseri kwa khoma. Tsiku lachisanu anasiya kuyamwa, milomo itauma, paliwombo patalowa m'kati.

"Azakhali, bwanji timutengere pansi pa mango?" ndinafunsa.

"Iwe, mchombo sunagwe. Ukufuna akumane ndi mphepo zoipa?"

Amayi anandiyang'ana. Maso amenewo ndimawaonabe.

M'mawa mwake amayi ndi azakhali anamutenga kupita naye kuchipatala, osasamalanso za mwambo. Anabwerako dzuwa litapendeka, atamufunditsa mutu womwe. Khanda lotere saliika ngati munthu wamkulu. Analitenga amayi a m'mudzi okhaokha, popanda nyimbo, popanda bokosi, ndipo anatiuza kuti tisalire mokweza. Anali asanapatsidwe dzina.

Bambo anafika tsiku lotsatira, masana, uthenga utawapeza mochedwa. Sanakhale pamphasa imene anawayalira pakhonde. Analowa kuchipinda chija, n'kudzitsekera. Tinadikira panja, dzuwa lili paliwombo. Anakhalamo nthawi yaitali, mwina ola lathunthu. Potuluka malaya anali atamatirira kumsana, thukuta likudontha m'zala, nkhope ngati ya munthu amene wakumana ndi chinthu panjira.

Anatenga nyundo, n'kukwera pamtondo wovundikira, n'kuyamba kugumula njerwa pansi pa malata. Fumbi lofiira linkagwera m'tsitsi mwawo. A Matemba atamva kugogodako anabwera, anaima pang'ono, kenako anabwerera kwawo. Tinkaganiza kuti apita, koma anabweranso ndi zida zawo. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Kuno kokha sikukwana, achimwene. Tiboolenso mbali inayo, kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko." Sabata imeneyo anachotsa magalasi, anaika mawindo otseguka, analuka siling'i ya bango, bambo n'kubzala mtengo kumadzulo kwa chipindacho.

Nyumba inazizira ndithu. Koma mphepo ikamadutsa m'mabowomo inkamveka ngati kupuma kwa kamwana kogona, ndipo ine ndinkaopa kutsala ndekha m'nyumbamo ngakhale masana. Mvula yoyamba inagwa ndikuopabe.

Lero ndine mayi wa ana asanu, onse amoyo, ndipo ndimathokoza Mulungu amene anandisungira. Ngati mlongo wanga anapita ndi kutentha kapena matenda ena, ine sukulu sindinapite nayo patali, adziwa ndi Ambuye. Bambo sindiwaweruza. Anaona chinthu chabwino kuntchito, n'kufuna kuti ana awo alaweko.

Pa ubwana ndinkakhulupirira kuti mabowo aja anaboola kuti mzimu wa mwana, umene unatsekeredwa m'chipindamo, upeze potulukira. Pano ndimadziwa kuti mwanayo anali kale m'manja mwa Yesu. Amene anatsekeredwa anali bambo. Mwambo unawaletsa kulira, ndiye analira ndi nyundo.