Pamene Mbale ya aDaka Inafela

Ndikakumbukila aDaka, amene nyumba yao inayang'anana ndi yathu ku Ndake, ndimamva fungo la mafuta a galamafoni, ndi nyimbo imodzimodzi yomangobwelela masana onse ife tikusankha thonje pakhonde. Inanditopetsa nyimbo ija, sindibisa.

Anabwelela kuchokela ku migodi nthawi ya Chitaganya ali ndi chifuwa, chitolilo cha lata ndi mbale imodzi ya jazi. Pakati pa nyimboyo woimba lipenga ankathamanga yekha, kukwela ndi kutsika ngati wapenga, ndipo apo ndi pamene aDaka ankafuna kupagwila. Ankaika chala m'mphepete mwa mbale kuti izungulile pang'onopang'ono, lipenga n'kumalila ngati ng'ombe, iwo n'kumatola liu limodzilimodzi pa chitolilo, kutsokomola, n'kubwezanso singano. Koma singano ikadutsa imapala mbale. Singano za kusitolo zitatha anayamba kusongola minga m'malo mwake.

"Bambo, mukuipha mbaleyo," akazi ao ankadandaula. "Muziimvela pa Sondo pokha."

"Ikafa ndisanaigwile, ndiye kuti ku migodi ndinatengako chifuwa chokha."

Inafadi, ndipo inafela pomwe ankapakonda paja. Koyambilila inkamveka, kumapeto inkamveka, pakati phokoso lokhalokha ngati mvula pa malata. ADaka n'kuti atagwila theka chabe.

Kwa masiku angapo kunali zii, ine n'kumati tapuma. Kenaka tsiku lina anapukusa galamafoni, natsatila lipenga pa chitolilo mpaka pa phokoso paja, koma sanaleke. Anapitiliza ndi za m'mutu mwao. Tsiku lotsatila anaikapo zina, linalo zinanso, mosathamanga, monga mmene mpweya wao unkawalolela.

Ndinawafunsa ndili pampanda: "Mwaipeza tsopano?"

"Iyai mwanawe, ndikungonama apa. Ndatopa ine."

Anamwalila akuganiza kuti analephela. Nditakula, woimba wina ku Lusaka anandiuza kuti mu jazi ndi mmene zimakhalila: wa lipenga uja nayenso ankangopeka pomwepo, ndipo sakanatha kubweleza zomwezo. Ndinapsa mtima, koma woti ndikamuuze panalibenso.

Za m'mbale zija ndinaiwala kalekale. Chimene chimandibwelela pakamwa ndikamachapa zovala ndi bodza la aDaka lija, ndipo ndimapezeka ndaima pomwe iwo ankaima kuti apume.