Chaka Chimene Khola la Vinyama Linasamuka

Chimene chimayamba kundibwerera ndi fungo. Nyengo yotentha, masuku akayamba kupsa ndipo nyenje zikulira osapuma, mphepo yochokera kumtsinje inkabwera ndi fungo la mkodzo wa nyalugwe losakanikirana ndi la ndowe za mbidzi, ndipo agalu a m'mudzi mwathu ankapinda michira n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Ife ana tinalizolowera mpaka sitinkalimvanso, koma apaulendo oyenda mumsewu wochokera ku Kasungu kupita ku boma la Mzimba ankaima n'kufunsa ngati pafupi pafa chinthu. Sipanafe kanthu. Linali khola la mzungu wina amene anthu anamutcha Vinyama, ndipo khola limenelo linali pamunda wa adada.

Mudzi wathu unali kummwera kwa Champhira. Amama anali Mchewa wa ku Kasungu, adada Mtumbuka wokulira pakati pa ng'ombe za Angoni, ndiye m'nyumba mwathu zilankhulo ziwirizi zinkangosakanikirana popanda wodandaula. Vinyama anafika itangotha nkhondo ya Majeremani, ine ndisanayambe kusenza mtsuko. Ntchito yake inali yogwira nyama zam'tchire zamoyo. Zina ankazitumiza kwawo m'mabokosi pangolo, zina ankazisunga kuti azungu anzake azibwera kudzaziona. Ankafuna malo a madzi ndi mithunzi pafupi ndi msewu, ndipo maso ake anagwera pa tsala lathu, munda umene adada anaugoneka utatopa ndi chimanga ndi mawere. Mzungu wa ku boma amene anabwera ndi mesenjala kudzayendera malowo anaona thengo lopanda mwini, poti panalibe mzere ngakhale umodzi. Adada ankaona munda umene ukupuma kuti adzaulimenso.

Adada sanakane, ndipo kunena zoona anakondwa. Nzeru yawo inachokera ku ng'ombe. Kwathu khola, limene iwo ankalitcha chibaya, silinkakhala pamalo amodzi mpaka kalekale. Ndowe zikachuluka, ng'ombe n'kuyamba kumira ziboda nthawi ya dzinja, amuna ankazula mitengo n'kukaizika pena, ndipo pakhola lakalepo mwini malo ankabzalapo fodya wa labu, wa masamba otambalala ngati lichero. Ife ng'ombe tinalibe, zinatha ndi matenda ine ndisanabadwe. Tsono apa panabwera munthu ndi mbidzi, ntchefu ndi mphalapala kudzanenepetsa munda wa adada kwaulere, ndipo adada anaona kuti Mulungu wawakumbukira. Amama okha ndi amene anapita kukayang'ana mmene mpanda ankaumangira, nabwerako nkhope ili yokwinya.

"A Zimba, khola lanji lozika zitsulo m'phala la miyala?" anafunsa motero, poti simenti anali asanaionepo.

"Nyabanda, chibaya ni chibaya," adada anayankha akuseka. "Ndowe zikakwana, mbwenu asamuka yekha."

Zinapita zaka zingapo, ndipo tinakula ndi mpanda wa waya uja ngati mmene ana ena amakulira ndi mtsinje. Tinkamweta tsekera n'kukapereka pachipata kuti atipatse mchere wodzaza chikhatho. Tinkatola masuku owola n'kumaponyera anyani, iwo n'kumatibwezera ndi zimene sindingatchule. Masewera athu a phada ndi chipako anachepa, m'malo mwake tinapeka ena. Tinkajambula bwalo pansi, ana aang'ono n'kulowa mkati kukhala nyama, wamkulu mmodzi n'kuvala dengu kumutu kukhala Vinyama, ena n'kumayenda mozungulira atagwira m'chiuno, akuloza ndi kamtengo n'kumalankhula za m'mphuno. Palibe ankafuna kukhala fisi. Loweruka azungu enieniwo ankafika, ena pamachila, ena panjinga, akazi awo atagwira maambulera, n'kukhala pansi pa mitengo kumwa tiyi akuyang'ana nyama zimene ife tinkazipirikitsa m'minda. Agogo anga aamuna ankangopukusa mutu, amvekere munthu woyenda ulendo wautali kudzaona nyani ndiye kuti kwawo kulibe ntchito.

Nthawi yonseyi tinkalima kamunda ka mchenga kumtunda kwa mudzi, kamene kankatipatsa chimanga chosafika ngakhale mwezi wa Januwale. Adada sankadandaula. Madzulo aliwonse pochokera kumunda ankadzera kumpanda, n'kuima pamenepo khasu lili paphewa. Nyama sankaziyang'ana n'komwe. Ankayang'ana pansi, pamene dothi lofiira lija linkasanduka lakuda chaka ndi chaka, ndipo pofika kunyumba ankatiuza mmene munda wathu ukunenepera. Mbewu ya fodya anali nayo kale, m'kachiguduli kotseka ndi chitsononkho, kopachikidwa kutsindwi kumene utsi unkakateteza ku anankafumbwe.

Chaka chimene ndikunenachi, dzuwa litangoyamba kuwawa, tinamva phokoso kumpanda. Antchito a Vinyama anali atamanga makola atsopano kumtunda, pafupi ndi nyumba ya bwana wawo, ndipo ankakusira nyama kumeneko ndi mfuu ndi nthambi. Mbidzi zinapita, ntchefu zinapita, bokosi la nyalugwe analikoka ndi ng'ombe. Pa tsala lathu panatsala mbee, dothi lakuda bii likufuka nthunzi padzuwa. Adada anabwera kunyumba akuyenda ngati mnyamata. Sananene kuti ndinakuuzani, koma anakhosomola mokweza pafupi ndi amama kangapo konse, kenako anatsitsa kachiguduli kaja.

Ntchito ya mbande inagwera ine, poti ndinali mwana woyamba ndipo alongo anga anali aang'ono. Kudimba adada anaunjika mapesi n'kuwatentha kuti udzu usamere, anasalaza phulusa, kenako anasakaniza mbewu ndi phulusa lina n'kuwaza, chifukwa mbewu ya fodya ndi yaing'ono moti ukayetsemula wataya munda wonse. Pamwamba anaphimba ndi udzu wouma. Ine ndinkathirira m'mawa ndi madzulo ndi chipanda chobooledwa timabowo, kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza. Khosi linkandiwawa ndi mtsuko, miyendo inkachita mikwingwirima ya matope, koma ndinkanyada. Timasamba titayamba kutuluka, adada ankagwada n'kumatiwerengera zimene fodyayo adzagule: nsalu ya amama, mbuzi, kenako ng'ombe yaikazi yoyambira chibaya chathuchathu. Ankanditcha mama, ndipo ankandiuza kuti ng'ombeyo ndidzaitcha dzina ndine.

Chizimalupsa chitagwa, adada anaitana dima, kuti anansi adzatithandize kulima tsiku limodzi. Ife tinali a mpingo, mowa sunkaphikidwa pakhomo pathu, ndiye amama anaphika thobwa la mawere lodzaza mbiya zikuluzikulu. Anaphika bwino, ngakhale mtima wawo sunali pomwepo. M'mawa wa tsikulo amuna ndi akazi anasonkhana ndi makasu, ndipo tinatsetsereka kupita kumpanda, adada patsogolo, ine pambuyo pawo. Pachipata tinapeza kapitawo wa Vinyama, a Yohane, munthu wa ku Dedza, wofatsa, amene tinkapemphera naye limodzi Lamulungu.

"A Kapitawo, yewo chomene, mwatisungira munda bwino, makora chomene," anatero adada. "Tabwera kudzaulima."

A Yohane anayang'ana makasu aja, kenako anayang'ana pansi. "Pepani a Zimba, pano si pamundanso. Aboma anasintha kalekale, chaka chomwe bwana anafika. Kuchokera kumtsinje mpaka kuphiri uko, malo ano ndi a nyama ndi masewera. Kulima n'koletsedwa."

"Kweni nyama zachoka. Chibaya chasamuka," anatero adada.

"Zachoka kuti bwana apange bwalo la tenisi. Alendo ake akuti kuona nyama kokha sikukwana."

Panalibe amene ankadziwa kuti tenisi n'chiyani, ndipo panalibe amene anafunsa. Adada anatsitsa khasu paphewa n'kuligwira m'manja ngati ndodo. Sanakalipe. Anatembenuka, anthu onse n'kutembenuka nawo, ndipo poti thobwa linali litaphikidwa kale, dima lonse linakwera kukalima kamunda ka mchenga kaja. Kanatha dzuwa lisanafike pamutu. Sindinaonenso dima lopanda nyimbo ngati limenelo.

Masiku otsatira tinaphunzira kuti tenisi n'chiyani. Antchito anapala dothi lakuda lonse lija ndi mafosholo, n'kulituta m'madengu kukalitaya m'chigwembe chimene chinali mkati mwa mpanda momwemo. Kenako anagumula zulu, n'kubweretsa dongo lake, kulithira madzi, kulisinja ndi misi, n'kumakokapo chitsulo cholemera chobulungira mpaka pansi panalimba ngati pamwala. Anajambulapo mizere ya njereza, namanga ukonde pakati. Analemba ntchito bambo wina wa m'mudzi mwathu yoti azizula kaudzu kalikonse kotulukira pamenepo. Adada anapita kwa a Yohane kukapempha dothi lotayidwa lija, kuti tizilituta tokha pamutu. A Yohane anakafunsa, nabwerako ndi yankho loti zamkati mwa waya sizituluka, chifukwa mukalola dengu limodzi mawa mudzi wonse udzalowa.

Mvula yeniyeni itagwa, mbande zinali zitatalika kale, ndipo mbande sizidikira munthu. Tinaziwokera mumchenga. Zinagwira, koma zinachita chikasu, masamba ake osaposa chikhatho changa. Ine ndinalira, ndipo sindikubisa, ndinalirira ng'ombe imene ndinali nditaisankhira kale dzina. Koma m'chigwembe muja, mmene anataya dothi, munamera zinthu zimene palibe anabzala: maungu, bonongwe, ndi chimanga chochokera ku zakudya za nyama, chachitali kuposa munthu, chobiriwira mpaka kuda. Tsiku lina adada anaumiriza amama kuti apite nawo kukaona. Tinaima kunja kwa waya, kumtunda kukumveka kugunda kwa kampira ndi kuseka kwa akazi achizungu.

"Waona, Nyabanda? Dothi lija linapsa chomene," anatero adada. Mawu awo anali a munthu wonyada, ndipo ndicho chinandipweteka kwambiri.

"Ndaona, a Zimba," anatero amama. 

Munda uja sunabwerere. Vinyama anachoka patapita zaka, nyama zina anagulitsa, zina anawombera, koma malowo anakhalabe m'manja mwa boma, ndipo pamene panali bwalo la tenisi udzu unkamera mwa apo ndi apo ine nditakwatiwa kale. Adada sanali wopusa. Anawerenga dothi molondola, ndipo anatsata zimene makolo awo onse ankatsata, kuti malo amabwerekedwa, ndipo wobwereka akamaliza amabweza. Chimene sankadziwa n'chakuti kunabwera anthu otha kukhala pampando ku boma n'kunena kuti munda si mundanso, dothi lake likadali pomwepo.

Chilimwe chotsatira chaka cha tenisi chija kunabwera bambo wina wa ku Kasungu, wachibale wa amama wa patali, ali ndi mkazi ndi ana, atathawa njala. Anakhala pansi pabwalo, anaomba m'manja mwaulemu, napempha kachigawo ka dimba lathu kuti abzale mbatata. Kwathu munthu wotere sankafunsidwa kanthu. Ankamwetsedwa madzi, n'kulozeredwa malo ndi dzanja, ndipo kufunsa mlendo za tsiku lochoka chinali chipongwe chofanana ndi kumupirikitsa. Adada anamumvetsera mpaka anamaliza, anayang'ana ana ake aja nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi mawu otsika.

"Mudzachoka liti?"

Amama anadzuka n'kulowa m'nyumba. Bamboyo anayankha kuti akakolola, ndipo adada anamupatsa malowo. Koma mwezi uliwonse ankapita kudimba kukayang'ana ngati sanazikepo mtengo.