Mphaka Amene Anasankha Amuna Anga

Mphaka uja tinamupeza pakhomo pathu madzi osefukira atangophwa. Chaka chimenecho Shire anatilowera mpaka m'nyumba, ndipo tinakhala masabata angapo pasukulu ya kumtunda limodzi ndi mabanja ena. Titabwerera tinapeza khitchini yagwa mbali imodzi, matope ali thoo, ndipo iye ali phee pa mtanda wa denga, akutiyang'ana ngati alendo ndife. Anali wamkulu kale, wamkazi, wotuwa ngati phulusa, khutu limodzi long'ambika. Nthiti zake zinkaonekera patali. Mwini wake sitinamudziwe, ndipo palibe anabwera kudzamufunsa.

Amuna anga ndi msodzi. Ine ntchito yanga ndi kuwamba nsomba zimene iwo abwera nazo kuchokera ku dambo, n'kukagulitsa pamsika wa Bangula. Ana athu awiri anakula n'kuchoka, choncho pakhomo tinatsala awiriwiri.

"Chithamangitseni chimenecho," anatero amuna anga. "Mphaka wosadziwika kochokera sasungidwa. Mawa mudzamva anthu akuti tikuweta zachilendo."

Anavula patapata n'kumugenda. Mphaka anadumpha, n'kukalowa kunsi kwa nkhokwe ya mapira. Ine ndinati tiyeni timusiye, makoswe atisowetsa mtendere, nsomba zowamba akuzidya pa thandala ife tikuona. Chimenecho ndi chifukwa chimene ndinapereka. Zoona zake n'zakuti ndinamumvera chisoni, ndiponso pakhomo panali zii kuyambira pamene mwana wathu womaliza anakwatiwa ku Ndamera.

Ndinayamba ndi mutu wa mlamba. Ndinkauika pa phale pafupi ndi nkhokwe, ine n'kuchoka. Ndikaima chapafupi sankatuluka, ngakhale njala itamupweteka chotani. Ndikasuzumira pawindo ndinkamuona akunyang'ama, mimba ikukhudza pansi, n'kutsomphola mutuwo kukadyera kobisika. Patapita sabata ziwiri ndinayamba kukhala pa mkeka chapatali, nditamufulatira pang'ono, ndikusankha nsomba. Ndinazindikira kuti ndikamuyang'ana m'maso amauma thupi lonse, ndiye ndinkayang'ana manja anga. Sabata iliyonse ndinkasendeza phale lija phazi limodzi kubwera kwa ine.

Ndinaphunzira zimene amaopa. Ndowa ikagwa, iye wapita. Munthu akaimirira mwadzidzidzi, wapita. Koma choopsa kwambiri chinali tsache. Ndikangolinyamula, ngakhale ndili kutsidya kwa bwalo, ankalira kulira koipa n'kusowa tsiku lonse. Kumene anachokera wina ankamumenya nalo, ndithu. Ndinayamba kusesa iye akapita kukasaka. Ndinasiya kumenyetsa ziwiya. Ndinkamuyankhula motsitsa mawu, nthawi zina kumuimbira nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, utsi wa nsomba ukundiwawa m'maso, dzuwa la kwathu kuno likundiotcha pamsana.

Amuna anga ankaseka. "Mwana wanu wachitatu wadya kale?" ankatero akamadutsa ndi nkhafi paphewa.

Panapita miyezi itatu kuti adye pamalo poti dzanja langa likhoza kumufikira. Tsiku limene ndinamukhudza pamutu ndi nsonga ya chala, anandikanda mpaka magazi. Sindinakwiye. Ndinati bola, poti sanathawe, anangosendera uko n'kupitiriza kudya. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzakwera pamiyendo panga, ndipo tsikulo ndinkaliyembekeza ngati mmene mlimi amayembekezera mvula yoyamba.

Kenaka amuna anga anaponda munga wa mlamba m'bwato. Phazi linatupa, ndipo kuchipatala anawauza kuti asaponde m'madzi mpaka litapola. Anakhala pakhonde masabata awiri, mwendo atauwongola, akusoka ukonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nsomba ndinkatenga kwa asodzi anzawo, ndipo masiku amsika ndinkachoka m'mamawa.

Tsiku lina ndinatsika pa kabaza masana, dengu lili m'manja, thukuta lili kamukamu. Nditakhota pa mtengo wa masau ndinaima. Mphaka uja anali atagona pamiyendo pa amuna anga, pamwamba pa ukonde, atatambasuka ngati mwana wakhuta bere. Dzanja lawo linali pakhosi pake. Ndinamva kulira kwa m'khosi kuja kumene amphaka amachita akakondwa, kumene ine ndinali ndisanakumvepo kwa iye. Ndipo amuna anga ankamuyankhula m'Chisena, chiyankhulo cha kwa amayi awo, mofatsa kwambiri, kumuuza bwenzi lawolo kuti zonse zili bwino.

"Khala pano, shamwali wanga. Pyadidi. Khala pano."

Nditayandikira, mphaka anatukula mutu, n'kundiona. Ndinaika dengu pansi pang'onopang'ono, n'kutambasula dzanja monga ndinkachitira masiku onse. Anadumpha n'kuthawira kunkhokwe.

"Mwamuopsa," anatero amuna anga.

Mawu amenewo anandibaya. Ine kumuopsa? Ine amene ndinasiya kusesa pakhomo panga chifukwa cha iye?

"Mwamupatsa chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Mwamupatsa nsomba yaiwisi inu. Nenani zoona."

"Amayi, ndiitenga kuti nsomba yaiwisi ndi phazi ili? Wabwera yekha. Dzana anakhala apo pa nsanamira, dzulo anagona pa ukonde, lero wakwera."

"Si inu munamugenda ndi patapata?"

Anaseka. "Ndiye wandikhululukira."

Tsiku limenelo ndiwo ndinathira mchere wambiri, ndipo sindinganene kuti zinali mwangozi.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu amene ndimachita naye manyazi ndikamukumbukira. Ndinkawauza amuna anga kuti mphakayo ang'amba ukonde ndi zikhadabo, amuchotse. Ndinkati ali ndi utitiri, asamamuike pamiyendo. Chonsecho ine ndinagula mkaka wa m'paketi kumsika, n'kumamuthirira m'mbale iwo akalowa m'nyumba. Ankamwa wonse mpaka kunyambita mbale, kenaka n'kupita kukadzitsuka nkhope pamapazi pa amuna anga. Ine ndinali wophika, iwo ndiye mnzake.

Ndinakadandaula kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mnzanga amene timawambira limodzi nsomba. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Anzanu akulira chifukwa amuna awo apeza mkazi wina ku msasa wa asodzi, inu mukulirira mphaka? Koma kubadwira ku Nsanje kwakulowani m'magazi!"

Ndinaseka nawo, koma mtima sunaseke. Panali chinthu china chimene sindinamuuze, chifukwa ngakhale ine ndinachedwa kuchivomera. Nsanje yanga sinali ya mbali imodzi. Ndinkawachitira nsanje amuna anga chifukwa cha mphaka, inde, komanso mphakayo ndinkamuchitira nsanje chifukwa cha mawu aja. Mawu ofatsa amenewo ndinkawadziwa. Ndi amene ankandiyankhulira padoko ndili mtsikana, ndikapita kukagula nsomba za amayi anga. Zaka zitapita, zoyankhula zathu zinatsala za nkhuni, mchere, ndi mvula. Sanali munthu wankhanza, ayi. Kungoti mawu aja ndinkayesa anatha ndi unyamata, ndiye pano ndinaona kuti akadalipo, koma akupita kwa nyama ya khutu long'ambika.

Phazi litapola, amuna anga anapita ku msasa wa kudambo, kukakhala masabata awiri. Mumtima ndinati tsopano ndi nthawi yanga. Koma mphaka ankangokhala pakhonde, pamalo pamene iwo ankakhala, maso ali kunjira. Ankadya zimene ndamupatsa n'kubwerera pomwepo. Ndikakhala pafupi, ankasendera kumapeto kwa khonde.

Tsiku lachinayi ndinachita chopusa. Ndinaganiza kuti ndikakhala naye m'nyumba tsiku lonse, awiriwiri, adzaona kuti ine si mdani. M'mawa ndinaika nsomba pakati pa chipinda chochezera, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Anazengereza nthawi yaitali pakhomo, kenaka analowa. Ndinatseka chitseko.

Zimene zinachitika sindinaziyembekezere. Anathamangira kuwindo, n'kudzimenyetsa pa mawaya. Anakwera katani mpaka kuigwetsa, n'kudumphira pa kabati, makapu kugwa n'kusweka. Kulira kwake kunali kuja kwa tsache. M'malo motsegula, ine ndinavula chitenje chapamwamba kuti ndimufunditse, ndimunyamule, atonthole m'manja mwanga. Nditamugwira anandiluma padzanja, mano kulowa ndithu. Ndinatsegula chitseko. Anatuluka ngati mphezi, n'kulowera m'munda wa mapira.

Sanabwere madzulo amenewo, kapena mawa lake. Ndinayenda m'mizere ya mapira ndi mutu wa mlamba m'manja, ndikuitana. Ndinafunsa makomo oyandikana ngati amuona, osanena chimene chinamuthawitsa. Dzanja linatupa, ndipo kuchipatala atandifunsa chandiluma n'chiyani ndinayankha maso ali pansi. Phale lija ndinkaliika malo ake akale pankhokwe, koma amene ankadya anali agalu a eni.

Amuna anga anabwera patatha masiku khumi. Asanatsitse n'komwe matumba a nsomba panjinga, maso awo anapita pakhonde, kenaka kunkhokwe.

"Shamwali wanga ali kuti?"

Ndinali nditakonza bodza, loti agalu anamuthamangitsa. Koma ataona nsanza yomwe ndinamanga padzanja, bodza lija linandithawa. Ndinawauza zonse, mpaka za chitenje.

Anayamba kutsitsa matumba aja limodzilimodzi. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Munamutsekera chifukwa chiyani?"

"Ndimafuna andikonde ine," ndinatero. "Ndamudyetsa ine miyezi yonseyi. Inu simunachite kanthu. Munangokhala pakhonde, basi wakusankhani. Ndiye mumamuyankhula mawu okoma. Ine munasiya liti kundiyankhula choncho?"

Funso lomalizalo linangotuluka lokha. Amuna anga anayang'ana kumbali, n'kuyamba kumasula chingwe cha panjinga chimene chinali chomasula kale.

"Aa, amayi," anatero. "Zimenezonso?"

Koma madzulo aja anandithandiza kutumbula nsomba, ntchito imene sankaigwira, ndipo anamasula nsanza ija kuti aone bala.

Mawa lake anatulutsa ukonde pakhonde n'kundiuza kuti ndikhale pambali pawo, ndigwire mbali imodzi. Anati ngati mphakayo ali moyo, ali pafupi, akutiona.

"Inu vuto lanu mumamufuna kwambiri," anatero akusoka. "Ngakhale mutafulatira, amadziwa kuti mukumudikira. Ine pajatu sindinkamufuna n'komwe."

Zinandipsetsa mtima, makamaka chifukwa zinali zoona. Tinakhala choncho tsiku lonse, osaona kanthu. Tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka anatulukira kumbali ya migwalangwa, ataonda ngati tsiku loyamba lija. Anaima nthawi yaitali. Kenaka anandizungulira patali, monga mmene munthu amalambalalira chitsime chogumuka, n'kukadzikhula pa mwendo wa amuna anga. Ndinasangalala kuti wabwera.

Ndinayambiranso poyamba penipeni, phale kutali, ine chofulatira. Ulendo uno amuna anga anandithandiza. Mphaka akagona pa ukonde, iwo ankadzuka mwakachetechete n'kupita kuseri, ine n'kutsala nditagwira ukondewo. Masiku oyamba ankawatsatira. Kenaka anayamba kutsala, atagona kumapeto, khutu labwino lija litaloza kwa ine. Ndinadziletsa kutambasula dzanja. Panapita miyezi ina iwiri kuti tsiku lina, ndikutumbula makakana, abwere yekha kudzagunditsa mutu wake pa chigongono changa. Sindinasunthe. Ndinapitiriza kutumbula nsomba, misozi ikutsikira m'beseni.

Lero ndi mphaka wa anthu. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzacheza amayenda pakati pawo, mchira uli m'mwamba. Ndimasesa iye ali pomwepo, amangosuntha kuti tsache lidutse. Ine amalola kuti ndimukande pakhosi, ndipo amandiliriranso kulira kwa m'khosi kuja. Koma pamiyendo panga sanakwerepo. Ndikhoza kukhala ndikumusisita bwinobwino, akangomva belu la njinga ya amuna anga kunjira, amandisiya dzanja lili m'malere.

Mwezi wathawu mwana wathu wa ku Ndamera anabwera ndi khanda lake. Analigoneka pa mkeka pansi pa mtengo, ndipo mphaka anapita kukagona chapafupi, osaopa kulira kwa khandalo ngakhale pang'ono.

"Koma abambo mphakayu anamuweta bwino," anatero mwana wanga. "Wofatsa ngati nkhosa."

Ndinawayang'ana amuna anga kuti akonze nkhaniyo. Iwo anangomwetulira, maso ali pa ukonde, akudziwa bwino lomwe chimene ndikudikira. Ndiye ndinaikonza ndekha. Ndinafotokoza kuyambira pa mutu woyamba wa mlamba, mokweza mawu, mpaka khanda linadzuka.

"Amayi," anatero mwana wanga akulinyamula, "mpaka pano zikukuwawani?"

Ndinati inde, zikundiwawa.