Amake Lezala

A Lines Namakhwa anabadwira kumalayini, nyumba za antchito a esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chitakale, ndipo dengu lothyolera tiyi analibereka asanabereke mwana. Makolo awo anachokera kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki, kudzafuna ntchito m'minda ya azungu. A Lines anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zala zokhakhala ndi masamba. Amuna awo, a Yosefe, anali mlonda pafakitale, koma chifuwa chachikulu chinawatenga a Yosefewo pamene mwana wawo yekhayo, Danieli, anali akadali kupulaimale. Atakhala wamasiye, a Lines anaumba zidina n'kumanga kanyumba kawo m'mudzi wa m'munsi mwa phiri, ndipo onse ankangowaitana kuti amake Danieli.

Danieli anakula akuimba kwaya, ali ndi mawu oti ngakhale akulu ampingo ankatukula mutu. Zinthu zinatembenuka ali Fomu 2, atapeza kafoni kotsika mtengo. Pa Chitakale panali kashopu koikira nyimbo m'mafoni, ndipo kumeneko anadzaza za rapu zokhazokha, zija zolira mfuti pakati pa ng'oma, zotamanda wobaya mnzake. Pa oimba onse ankakonda Gabu Moto, wolemera wa ku Blantyre, amene ankaimba kuti anakulira m'magazi ndipo saopa manda.

A Lines ankamudziwa Gabuyo. Anali Gabriel, mwana wa anansi awo kumalayini, yemwe ankathawira kuseri kwa bafa nkhuku ikamaphedwa. Atamuuza Danieli zimenezi, iye anangoseka, n'kunena kuti amayi sadziwa za tawuni.

Posakhalitsa thalauza linayamba kugwera m'matako, kumutu kunabwera kansalu kofiira, kwaya inasiyidwa. Iye ndi anzake ankakumana kuseri kwa malo omwetsera mafuta, akudzitcha Ana a Njoka, ndipo anali pa udani ndi gulu lina la anyamata akabaza a ku Limbuli. Aliyense anali ndi dzina latsopano. La Danieli, mayi ake analimvera m'munda wa tiyi, mtsikana wina akuliza nyimbo pafoni nthawi ya nkhomaliro. Mawuwo anawazindikira pompo. Mwana wawo ankaimba kuti iye ndi Lezala, ndipo tsiku limene adzakumane ndi Wyson wa ku Limbuli, adzam'tumbula ngati chambo. Mayi wina wothyola nawo limodzi anatembenuka n'kufunsa ngati amake Lezala aimva bwino nyimboyo.

Kuyambira tsikulo mtima wa a Lines sunakhalenso m'malo. Ankadziwa mmene anthu amathanirana naye mwana amene dzina lake laipa. Ali mtsikana anaonapo munthu akuvekedwa tayala n'kuotchedwa pamsika chifukwa cha mbuzi, ndipo fungo lake silinawachoke m'mphuno. Akamva phokoso kumsewu dengu linkawalemera. Anayesa kumulangiza, anaitana amalume ake kuchokera ku Milanje, ku Mozambiki, anapita naye kwa abusa. Danieli ankagwada, kuvomera zonse mwaulemu, n'kunena kuti ndi nyimbo chabe.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa osapuma, phiri linabangula, akuluakulu n'kumati Napolo watsika. Kanyumba ka zidina kanakhala pansi ngati phala. Mayi ndi mwana anapulumuka ndi zovala za m'thupi, n'kukakhala pakampu, pasukulu ina yapulaimale, pamodzi ndi mabanja ambirimbiri. Pakampupo ndi pamene panamveka kuti Gabu Moto akubwera ndi lole ya ufa, zofunda ndi ndowa, kudzathandiza kwawo kumene anabadwira. Anthu anasangalala. A Lines anada nkhawa, poti anamva atsikana akunong'onezana kuti anyamata a ku Limbuli aja nawo abwera kudzamuona Gabuyo.

M'mawa wa tsikulo, akupinda jekete limene Danieli ankatsamira, anamva chinthu cholimba m'thumba lam'kati. Unali mpeni wopinda, wonoledwa mbali zonse. Anaubisa m'chitenje, n'kupita nawo kuchimbudzi, n'kuuponya m'dzenje. Kwa mwanayo sananene kanthu.

Lole inafika dzuwa lili pamutu, kutsogolo kwake galimoto yakuda yonyezimira. Amene anatsikamo sanali chilombo cha m'nyimbo chija, koma bambo wonenepa wa magalasi, akupukuta thukuta, wina akumujambula kanema. A Lines, amene sanalimbanepo ndi munthu pamzere, anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anamugwira mkono. Anadzitchula dzina. Gabu anawayang'ana, n'kuvula chipewa, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Gabriel, mwanawe, unayamba wabayapo munthu iwe?"

"Ayi, mayi. Ngakhale mfuti sindinaigwirepo. Zija ndi malonda basi."

"Malonda akowo andilowera m'nyumba. Mwana wanga ndi uyo wa kansalu kofiirayo. Lero ndam'peza ndi mpeni."

Gabu anaponya maso pa anyamata amene anaima magulu awiri kumapeto kwa bwalo, akuyang'anizana. A Lines anaona kuti nayenso wagwidwa ndi mantha, ndipo zimenezo zinawaopsa koposa. Kenako Gabu anakodola Danieli, n'kumuuza kuti akwere palole azitsitsa matumba. Mnyamatayo anakwera akumwetulira ngati wapatsidwa ufumu.

Ufa usanagawidwe ndi theka lomwe, kumapeto kuja kunabuka chipwirikiti. Miyala inauluka, amayi anagwa ndi ana kumsana, ndowa zinaphwanyika. Anthu atabalalika, mnyamata wina anatsala chigonere, atagwira m'nthiti, magazi akutuluka pakati pa zala. Anali Wyson. Wina anangotchula kuti Lezala, ndipo dzinalo linayenda pakamwa ndi pakamwa ngati moto wa lupsa. Nyimbo ija aliyense ankaidziwa.

A Lines anakuwa kuti mwana wawo anali palole, koma mawu awo anamira. Anayang'ana kumene kunali Gabu, n'kuona omuperekeza akumukankhira m'galimoto, galimoto n'kuliyatsa liwiro. Danieli anali chiimire pamwamba pa matumba, thumba lina lili paphewa, akuona khamu likutembenukira kwa iye. Analiponya pansi, n'kudumphira kuseri, n'kulowa m'munda wa tiyi. Amuna ena anam'thamangira ndi zibonga, wina akufunsa kumene angapeze petulo.

Masiku otsatira a Lines sankadya. Pakampu anthu anawatalikira, mphasa yawo inatsala payokha pakona. Aliyense wobwera kuchokera kumtsinje ankamuyang'ana pakamwa, kudikira kuti anene za mtembo. Patapita sabata ndithu, mayi wina wogulitsa nandolo wochokera ku Muloza anawanong'oneza kuti mwanayo anawoloka Ruo madzi ali m'khosi, ndipo ali kwa amalume ake ku Milanje, mapazi atatupa.

Wyson sanafe. Atatsitsimuka kuchipatala ananena kuti sanaone amene anamubaya. Ndipo Gabu, amene a Lines anali atam'taya kale mumtima, anabwerera mwakachetechete, wopanda lole kapena wojambula. Anapita kupolisi ndi kanema wa tsiku lija, momwe Danieli ankaoneka bwinobwino ali palole pamene ndewu inkayamba. Anathandiza banja la Wyson pa zachipatala, kenako anafika pakampu n'kukhala pansi, pafumbi, pafupi ndi mphasa ya a Lines. Anapepesa kuti anathawa. Anati apolisi avomereza kuti mwanayo alibe mlandu, koma a ku Limbuli sanaone kanemayo ndipo ena safuna n'komwe kumuona. Anapempha kuti amutenge Danieli ku Blantyre, akamulipirire sukulu mpaka amalize.

A Lines anamufunsa ngati nyimbo zija azisiya. Gabu anayang'ana pansi, n'kunena kuti ayesa, koma anthu ambiri amadya kuchokera m'nyimbo zomwezo. Mayiwo anaona kuti akupereka mwana kunyumba kumene kunachokera matenda, koma kumusunga kuno kunali kumudikiritsa zibonga. Anavomera.

Kuchokera kwa amalume ake kupita ku Blantyre, Danieli anadutsa pa Chitakale ali m'galimoto ya Gabu, ataonda, mutu uli wometa. Anatsika pang'ono chabe, n'kugwada, n'kugwira mapazi a mayi ake.

Pano a Lines anabwerera kumunda wa tiyi, ndipo akukhala m'kanyumba ka malata kamene Gabu anawathandiza kumanga. Wobaya Wyson sanapezeke mpaka lero. Nyimbo zatsopano za Gabu zina ndi zolangiza, zina mfuti zikuliramobe, ndipo ana a m'mudzimo amakonda zachiwirizo. Danieli amaimba foni Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, kunena kuti sukulu ikuyenda. Mayi ake amayankha mwachidule, foni ataikanikiza kukhutu, akumvetsera mawu a anthu amene ali naye kumeneko, kuti adziwe gulu limene akuyenda nalo.